Ndodo zopepuka zowedzera salmon: chimene chimazithyola n'chiyani?

M'miyezi yozizira, msodzi wa pa mtsinje wa Hoh, ku Washington m'dziko la America, amaima m'madzi ofika m'chiuno n'kumaponya mbedza kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Nsomba imene akuisakayo ndi steelhead, mtundu womwewo wa trout yopezeka m'timitsinje ta pa Phiri la Zomba ndi ku Nyika, kungoti ya kumeneko imatsikira ku nyanja ya Pacific, n'kukanenepa, kenako n'kubwerera kumtunda kudzaswana. Siidya nyambo wamba. Munthu amatha tsiku lathunthu osaigwira, ndiye ndodo ikalemera pang'ono chabe, phewa limadandaula.

Asodzi akale a pa mtsinje wa Spey ku Scotland ankasenza ndodo zazitali za mtengo wa greenheart, zolemera kwabasi. Panabwera za nsungwi zong'alula, kenako za fibreglass nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Zinthu zinasinthiratu mu 1973 pamene kampani ya Fenwick inatulutsa ndodo ya graphite yotchedwa HMG. Kuchokera apo mpikisano wakhala wopepukitsa ndodo, ndipo tauni yaing'ono ya Woodland ku Washington inatchuka chifukwa cha makampani a Lamiglas ndi G. Loomis.

Ndodo ya graphite ndi kapaipi kopanda kanthu m'kati, kopangidwa ndi timaulusi ta kaboni tomatidwa pamodzi. Timaulusi tambiri timayenda m'litali mwa ndodo, ndipo n'timene timapirira nsomba ikamakoka. Tina tochepa timazungulira chopingasa kuti kapaipiko kasaphwatalale kakapindika. Wopanga akafuna kupepukitsa ndodo amasankha ulusi wouma kwambiri n'kuchepetsa kukhuthala kwa khoma lake. Ndodo yotereyi imamveketsa m'manja ngakhale kukhudza pang'ono kwa nsomba, koma siipirira kugundidwa. Chitsulo cholemeretsa chingwe chikaimenya poponya, kapena ikagwera pa mwala, timaulusi tingapo timaduka mosaoneka ndi maso. Patapita masabata ndodo imathyokera pomwepo nsomba ili kumbedza, mwini wake n'kuyamba kunyoza kampani.

Nsomba zowedzedwa ndi ndodozi si zamasewera ayi. Mu May 1985, Les Anderson anawedza salmon ya mtundu wa chinook yolemera makilogalamu 44 mu mtsinje wa Kenai ku Alaska. Komabe nsomba yaikulu payokha siithyola ndodo kawirikawiri, chifukwa kawilo kokulungira chingwe kamachimasula mphamvu ikachuluka, ndipo chingwe choyenera chimaduka ndodo isanafike pothyoka. Asodzi ena a ku Michigan amagwira steelhead ndi ndodo zazitali zowonda kwambiri komanso chingwe chopyapyala, chifukwa ndodo yonse imapindika n'kugawana katunduyo.

Ngozi yeniyeni imadza nsomba ikayandikira. Chimwemwe chikamukwera, msodzi amaimika ndodo chilili kuti akokere nsombayo kumapazi ake, ndipo kulemera konse kumachoka kutsinde, kumene kuli mphamvu, n'kupita kunsonga yowonda ngati udzu wofolerera. Nsongayo imathyoka nthawi yomweyo. Ndodo zina zimathera pa chitseko cha galimoto, zinanso pamfundo yolumikizira zigawo ikakhwefuka mwini wake osazindikira.

N'chifukwa chake zimadandaulitsa kuona otsatsa malonda akutamanda kupepuka kokha, ngati kuti ndodo yodula ndiye yolimba. Katswiri wodziwa kuisamala akhoza kupindula ndi ndodo youma ija. Koma woyamba kumene, kapena wowedza m'bwato momwe ndodo zimagundana tsiku lonse, zimamuyendera bwino ndi ya graphite yapakatikati kapena yosakaniza ndi fibreglass. Imalemererako pang'ono, mtengo wake ndi wotsika, ndipo ikagwera pa miyala ya m'mbali mwa mtsinje amangoitola n'kupitiriza kuwedza.