NDEMANGA: Mlandu Uli m'Khoti, Lowerani pa Khomo la Kutsogolo

Kuyambira Lolemba mpaka Lacisanu, pa makhoti a ku Kitwe ndi ku Ndola pamadzaza anthu dzuwa lisanakwere. Ena acokera ku Chimwemwe, ku Wusakile, ku Chifubu ndi ku Lubuto. Ena ndi alimi a ku Masaiti, ku Mpongwe ndi ku Lufwanyama amene asiya khasu m'munda, agulitsa nkhuku kuti apeze ndalama ya basi. Ambiri a iwo funso lawo ndi limodzi: kodi mlandu wa mwana wathu udzamveka liti? Yankho likacedwa, mtima umayamba kunong'oneza kuti, tiyeni tikawaone a jaji pambali, kapena tipeze munthu wodziwana nawo akatilankhulire.

Ife tikuti, abale ndi alongo, maganizo amenewo muwataye. Woweruza mlandu salankhulidwa pambali. Njira yofunsira za tsiku la mlandu iripo, ndi yaulere, ndipo iri poyera. Amene aidziwa amasunga ndalama zake, amatetezanso m'bale wake amene ali m'rimandi ku Kamfinsa kapena ku Kansenshi.

Tiyambe ndi cifukwa cake. Malamulo Oyendetsera Dziko la Zambia, pa ndime 18, amapatsa munthu aliyense woimbidwa mlandu ufulu woti mlandu wake umvedwe mwacilungamo, m'nthawi yoyenera, ndi khoti loima palokha ndi losakondera. Ndime 122, monga inakonzedwera mu 2016, imaletsa munthu aliyense, ngakhale wa udindo m'boma, kulowerera pa nchito ya woweruza. Palinso lamulo la 1999 la khalidwe la oweruza, limene limafuna kuti jaji kapena majisitireti asapendekere mbali. Cotero zonse zokhudza mlandu woweruza ayenera kuzimva mbali zonse ziwiri ziripo. Ganizirani bwino: ngati inu mungathe kukamuona woweruza kunyumba kwake madzulo, ndiye kuti amene anakuberani ng'ombe angathenso kutero, ndipo mwina thumba lake ndi lolemera kuposa lanu. Khomo lotseka limene likukukwiyitsani lero ndi lomwelo lidzakutetezani mawa.

Kalata yocokera kwa khansala, kwa phungu, kwa mfumu kapena kwa mtsogoleri wa mpingo yopempha woweruza kuti "aganizire" mwana wanu siithandiza. Woweruza woongoka akaona kuti wina wayesa kumufikira mseri angathe kuusiya mlanduwo kuti upite kwa woweruza wina, ndipo umboni ungayambikenso poyambira. Miyezi imene m'bale wanu wagona kale m'ndende ionjezeka. Ngati pali mawu abwino onena za khalidwe la woimbidwa mlandu, nthawi yake iripo: pamene khoti lampeza wolakwa ndipo likumva madandaulo lisanapereke cilango. Pamenepo amanenedwa poyera, aliyense akumva.

Cenjeraninso ndi anthu oyendayenda pakhonde la khoti amene amati, "Ine ndidziwana ndi a majisitireti, ndipatseni kangacepe ndikakusunthireni tsiku." Ambiri a iwo sanalankhulepo ndi woweruza ngakhale kamodzi. Amawerenga ndandanda ya milandu pa bolodi monga mmene inunso mungawerengere, kenaka nakugulitsani zimene munayenera kuzidziwa kwaulere. Ndipo lamulo loletsa ziphuphu la 2012 limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Munthu angapite kukhoti ngati wothandiza m'bale wake, nabwerako ali ndi mlandu wakewake.

Nanga khomo la kutsogolo ndi liti? Coyamba, dziwani khoti limene liri ndi mlanduwo ndiponso nambala yake. Milandu yambiri yaupandu, monga kuba, kumenyana ndi kupezeka ndi katundu wobedwa, imamvedwa ku khoti la majisitireti. Milandu ikuluikulu monga kupha munthu ndi kuba moopseza ndi zida imamvedwa ku High Court, imene iri ku Ndola ndiponso ku Kitwe. Nambala za milandu ya High Court ya ku Ndola zimakhala ndi zilembo HN, za ku Kitwe HK. Lembani nambalayo m'kabuku, pamodzi ndi dzina la woweruza ndi cipinda cimene amakhala. Kufunsa ndi dzina lokha la m'bale wanu kumacedwetsa, pakuti a Banda ndi a Phiri m'mafaelo ndi ambiri.

Caciwiri, pitani ku registry, ofesi yosungira mafaelo a milandu, mukaonane ndi kalaliki wa khoti. Ku High Court jaji aliyense ali ndi womuthandiza wochedwa marshal amene amayang'anira ndandanda ya milandu yake. Anthu awa angakuuzeni tsiku lotsatira, cipinda, ndiponso ngati khoti likhala tsikulo. Sangakuuzeni mmene ciweruzo cidzakhalire, ndipo alibe mphamvu yosintha tsiku mwa iwo okha. Musawafotokozere mmene nkhani inayendera poganiza kuti akanong'oneza kwa woweruza. Kufunsa tsiku sikulipiritsa. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti imakhala ndi risiti ya boma.

Cacitatu, ngati woimbidwa mlandu ali ndi loya, zonse zopita ku khoti zidzere kwa loyayo. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Board, imene iri ndi maofesi ku Ndola ndi ku Kitwe ndipo ikugwira nchito pansi pa lamulo latsopano la 2021. Pitani msanga, mlandu usanafike pa umboni. Koma ngati ndinu wodandaula kapena mboni ya boma, munthu wanu ndi wozenga mlandu wa ku National Prosecution Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010. Ndiye amakuitanani, ndiye muyenera kumudziwitsa mukadwala kapena mukasamuka.

Tsono timve za masiku. Anthu ambiri amabwerako kukhoti ali okhumudwa, akuti, "Angomuimika mphindi ziwiri, basi amubweza." Tsiku lotere limachedwa mention. Patsikuli sipamveka umboni. Khoti limangoona kuti woimbidwa mlandu alipo, limva pamene zinthu zafika, nkuika tsiku lina. Gawo 202 la lamulo la kazengedwe ka milandu yaupandu, Criminal Procedure Code, likuti khoti la majisitireti lisaimike mlandu kupitirira masiku 30, ndipo ngati munthu ali m'ndende, lisapitirire masiku 15. Colinga cake n'cakuti munthu wa m'rimandi asaiwalike. Cotero musananyamuke kumunda, dziwani ngati tsikulo ndi la mention, la kuvomera kapena kukana mlandu, la umboni, kapena la ciweruzo. Woimbidwa mlandu ayenera kupezeka masiku onse, koma banja lonse siliyenera kutha ndalama za mbewu pa mention iliyonse. Tumizani mmodzi wodziwa kulemba.

Pa milandu ya ku High Court ulendo ndi wautali. Munthu amayamba waonekera kwa majisitireti pamene doketi ikudikira cilolezo ca mkulu wozenga milandu m'dziko, DPP. Cilolezo cikabwera, mlandu umatumizidwa ku High Court nuikidwa pa ndandanda ya sesheni. Panthawi yodikirayi majisitireti sangauweruze mlanduwo, conco kumucondelera n'kutaya nthawi. Funso loyenera, kudzera kwa loya kapena kwa wozenga mlandu, ndi ili: kodi doketi iri kuti, ndipo cikudikiridwa n'ciani?

Nthawi yabwino yonena za tsiku ndi pamene khoti likuliika. Woimbidwa mlandu amene alibe loya angaimike dzanja mwaulemu, nkunena kuti tsikulo ali ndi tsiku la kucipatala, kapena kuti mboni yake ikucokera kutali ndipo mlatho umadzala nthawi ya dzinja. Woweruza angavomere kapena kukana, koma zamveka poyera ndipo wozenga mlandu wapatsidwa mpata woyankha. Akulu anati safunsa anadya phula. Musaturuke m'cipinda musanamvetse tsiku ndi ola. Ngati simunamve, funsani womasulira kapena kalaliki khoti likangoimika.

Vuto likagwa pambuyo pake, monga matenda kapena maliro, lembani kalata. Pamwamba ikani nambala ya mlandu, mayina ndi tsiku limene linaikidwa. Nenani cifukwa mwacidule, phatikizani cikalata ca kucipatala ngati ciripo, ndipo musalembemo za umboni. Perekani ku registry, kope lina kwa wozenga mlandu, lina lodindidwa cidindo musunge. Koma kumbukirani kuti kalata ndi pempho cabe. Tsiku silinasinthe kufikira khoti litanena. Patsikulo womuimira pa belo apite akafotokoze. Woimbidwa mlandu akangosowa popanda mawu, khoti limatulutsa cikalata comugwira, belo ingafafanizidwe, ndipo womuimira angalipitsidwe ndalama imene analonjeza. Nayenso wodandaula akaleka kubwera, khoti lingathe kuuthetsa mlanduwo, wakuba nkupita kwawo.

Za belo nazo zimapemphedwa m'khoti, poyera. Bondi ya kupolisi ndi yaulere. Milandu ina, monga kupha munthu, kuukira boma ndi kuba moopseza ndi zida, lamulo siliilola belo, ndipo wokulonjezani belo pa milandu yotere akufuna ndalama zanu cabe. Cimodzimodzi kukhululukirana. Gawo 8 la lamulo lomwe lija limalola majisitireti kulimbikitsa ciyanjano pa milandu ing'onoing'ono monga kumenyana wamba. Ngati mabanja agwirizana kumudzi, abwere akanene pamaso pa khoti. Kungogwirana canza pansi pa mtengo nkuleka kupita kukhoti sikutseka faelo.

Kwa ife olankhula Cinyanja kuno ku Migodi pali nkhani ina. Cinenero ca khoti ndi Cingerezi, ndipo kawirikawiri womasulira amayamba ndi Cibemba. Ndime 18 imapatsa woimbidwa mlandu ufulu wa womasulira waulere ngati samva cinenero cimene cikugwiritsidwa nchito. Cibemba ca pamsika cimene timagulira tomato sicikwanira pamene ufulu wa munthu uli pa sikelo. Nenani pa tsiku loyamba kuti mufuna Cinyanja, Cinsenga kapena Citumbuka, kuti khoti likonzeretu womasulira ndipo mlandu usadzaimikidwe pa cifukwa cimeneci.

Tanena zambiri kwa anthu wamba. Tsopano titembenukire kwa akuluakulu a makhoti, pakuti munthu safuna khomo la kuseri ngati la kutsogolo likutseguka bwino. Ndime 118 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imalamula kuti cilungamo cisacedwetsedwe. Lipoti limene Human Rights Watch inatulutsa mu 2010 pamodzi ndi mabungwe a PRISCCA ndi ARASA linapeza kuti mu 2009 ndende zomangidwira anthu 5,500 zinali ndi akaidi 15,300, ndipo oposa mmodzi mwa atatu alionse anali asanaweruzidwe. Kumbuyo kwa munthu aliyense wa m'rimandi kuli munda wosalimidwa ndi ana osowa ya sukulu. Mlandu ukaimikidwa cifukwa galimoto yotenga akaidi inalibe mafuta, kapena mboni ya polisi sinabwere, kapena doketi sinaoneke, wolipira ndi mlimi wosauka.

Tikupempha zinthu zinayi zosafuna ndalama zambiri. Ndandanda ya milandu ipacikidwe pa bolodi nthawi ikalipo, ndipo mawu monga mention, trial ndi judgment amasuliridwe m'Cibemba ndi m'Cinyanja. Woweruza akadziwa kuti sadzakhalapo, ofesi yake idziwitse maloya, ozenga milandu ndi oimira anthu pa belo, pakuti masiku ano foni iri m'mudzi uliwonse. Milandu ya mboni zocokera kutali iyambe kuitanidwa, kuti anthu apeze basi yobwerera. Ndipo pa khoti lirilonse pakhale tebulo lodziwika bwino pamene munthu wosaphunzira angafunse popanda kukalipiridwa. Kalaliki woyankha mwaulemu amacotsa nchito m'manja mwa akathyali a pakhonde.

Ngati mlandu wakhala nthawi yaitali osayenda, dandaulo nalo liri ndi njira yake. Lemberani mkulu wa amajisitireti pa khotipo, kapena jaji woyang'anira High Court ya m'tauniyo, kudzera ku registry. Ngati nkhani ndi ya khalidwe loipa la woweruza, kuli Judicial Complaints Commission. Koma bungweli silisintha ciweruzo. Wosakhutira ndi ciweruzo ca majisitireti acite apilo ku High Court pasanathe masiku 14.

Pomaliza, tikupempha miphakati, magulu a Cilungamo ndi Mtendere m'maparishi ndi makopaletivu a alimi kuti asankhe munthu mmodzi kapena awiri odziwa kuwerenga, oti aziperekeza mabanja kukhoti. Nchito yawo ikhale yosunga kabuku ka nambala ndi masiku, kulemba kalata yoyenera, ndi kulondolera banja ku Legal Aid Board. Asatenge ndalama, asalonjeze ciweruzo, ndipo asayese kuonana ndi woweruza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma kudekha kwathu kukhale kwa anthu odziwa tsiku la mlandu, ofika nthawi yake, ndi ofunsa poyera cifukwa cimene wacedwera.