Pikapu ya pa chithunzi sikoka mpunga m'dambo

Abale anga a m'tauni, alamu anga a ku Joni, ndi inu anansi a kuno kunyanja, lero tikambirane nkhani ya galimoto. Ena mukwiya, ndikudziwa. Kwiyani, koma muwerenge mpaka pansi.

Chaka chilichonse mpunga ukangolowa m'matumba, m'magulu a mabanja pa WhatsApp mumayamba kugwa zithunzi. Uyu watumiza Ford Ranger Raptor ikuuluka pa mchenga. Winayu watumiza chigalimoto cha ku America, Ford F-250, chikukoka nyumba yathunthu kumbuyo. M'munsi mwake alemba kuti tisonkhe tigule imeneyi, mavuto a mayendedwe kumudzi atheretu. Ine ndikuti ayi. Ndalama za banja, zomwe mkati mwake muli thukuta la amayi athu m'dambo, sizingapite ku galimoto yosankhidwa ndi maso. Ngati tikugula pikapu yoti igwire ntchito kuno ku Nkhotakota, ikhale single cab ya dizilo, ya 4x4, yoti makaniko wa pa boma kapena wa pa Dwangwa aitsegule n'kuibwezera osadikira kompyuta ya ku Lilongwe. Zinazo ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tiyambe ndi msewu, poti galimoto timagulira msewu. Inu mukabwera pa Khirisimasi mumadziwa M5, kuchoka ku Salima kudzera pa Benga, pa Chia, pa boma mpaka ku Dwangwa, ndipo mumafika mukudandaula maenje ake. Koma mpunga sitilima pa M5. Kuti ufike pomwe pali matumba, umasiya tala n'kulowa m'kanjira ka ngolo. Kumeneko adani ndi atatu. Woyamba ndi mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, womwe umameza tayala ukangoponda moto mwaukali. Wachiwiri ndi makande a m'dambo, omwe akanyowa amaterera ngati sopo, akauma amasiya mikwasa yoti galimoto yofupika imakhalira pamimba. Wachitatu ndi timitsinje topanda milatho, komanso timilatho ta matabwa tomwe tinakhomedwa poganizira njinga ndi ngolo. Ndipo musaiwale kuti kumapeto kwa February 2024, mtsinje wa Dwangwa utasefukira, anthu masauzande anasowa pokhala ndipo M5 yeniyeniyo inaduka. Dziko lathu ndi limeneli. Galimoto iyankhe mafunso a dziko limeneli.

Ndiye tiyeni tiyese zimphona za ku America zija, Ford F-250 ndi Ram 2500. Mphamvu zili nazo, palibe akukana. Za dizilo zili ndi injini ya malita 6.7, ndipo F-250 yokonzedwa bwino imakoka matani opitirira 8 pa misewu ya kwawoko. Koma galimotoyo payokha, yopanda thumba ngakhale limodzi, imalemera matani opitirira atatu, ndipo ya zitseko zinayi kutalika kwake n'kopitirira mamita 6. Muiyike pa kamlatho ka matabwa, muone amene ayambe kulira. Ikatitimira m'makande ndani aikoke? Ng'ombe ziwiri za aneba? Chiwongolero chili kumanzere pomwe ife timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye kuti pofuna kupitirira lole ya nzimbe pa Dwangwa, woona kutsogolo ndi pasenjala, dalaivala akungokhulupirira. Komanso injini zatsopanozi zimafuna madzi ena apadera othira mu thanki yakeyake oyeretsera utsi. Akatha, galimoto imadzichepetsa yokha liwiro. Madzi amenewo mukagula pa golosale iti pa Lozi? Fyuluta ikatha tidzaimba foni ku Texas, eti? Imeneyi tiichotse pa mndandanda, basi.

Tibwere kwa zomwe timaziona m'misewu yathu: Toyota Hilux yomwe imapangidwa ku Durban, Ford Ranger ya ku Pretoria, Isuzu D-Max ya ku Gqeberha komwe kale kunkatchedwa Port Elizabeth. Zonsezi ndi magalimoto abwino. Vuto langa ndi mtundu womwe inu mumaloza, double cab ya mipando yachikopa ndi ma rimu onyezimira. Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Double cab zambiri zimaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, makilogalamu 1,000, zina osafika n'komwe. Ndipo nambala imeneyi imawerengera anthu omwe. Mukhalemo anthu asanu, aliyense makilogalamu 70, ndiye kuti 350 yapita. Yatsala 650. Matumba a makilogalamu 50 ndi 13 okha. Matumba 13, achimwene! Ngolo ya ng'ombe ikayenda maulendo awiri yakupitirirani, ndipo ng'ombe sizifola pa mzere wa mafuta.

Raptor yomwe mumaikonda ija ndiye zinthu zimafika poseketsa. Yatsopanoyi ndi ya petulo, V6, ndipo anaipangira kuthamanga pa mabampu. Katundu yemwe imaloledwa safika makilogalamu 750, ndipo kukoka imalekera pa 2,500, pomwe Ranger wamba imafika 3,500. Ndiye kuti mulipira ndalama zambiri kuti mugule galimoto yonyamula zochepa. Kumudzi kuno munthu wogula ng'ombe yamawanga okongola yokana goli timamuseka.

Mudzati tidzangopachika matumba 25, aliyense amatero. Zoona, aliyense amatero. Koma yang'anani double cab cham'mbali. Chifukwa cha mipando yakumbuyo, bokosi lake ndi lalifupi ndipo gawo lalikulu lili kuseri kwa matayala akumbuyo. Mukadzaza kwambiri, katundu amatsamira kumchira, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama, ndipo pa bampu limodzi loipa chassis imatha kupindika pakati pa cab ndi bokosi. Single cab ili ndi bokosi lalitali, katundu amakhala pamwamba pa matayala ndi kutsogolo kwake. Matumba 20 amakhala bwinobwino, galimoto ili chilili. Kusiyana kwake n'kumeneku, ndipo sikuoneka pa chithunzi.

Tsopano nkhani yokoka, poti apa ndi pomwe ambiri mumapusitsidwa ndi nambala. Mukawerenga kuti Hilux 2.8, Ranger kapena D-Max imakoka makilogalamu 3,500, dziwani kuti akunena trailer yokhala ndi mabuleki akeake. Trailer yopanda mabuleki malire ake ndi 750 basi. Ndikufunseni: mwa ma trailer omwe amawotcherera anyamata athu ndi ma ekiselo a galimoto zakufa, ndi angati ali ndi mabuleki? Chachiwiri, trailer imatsamira pa chokokera, ndipo kutsamirako, komwe kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kumadya katundu wa galimoto. Mukakoka 3,500, ndiye kuti pafupifupi matumba 7 mwawachotsa kale m'bokosi. Chachitatu, nambalayo anayezera pa msewu wolimba. Kukoka boti la injini pa mchenga wa pa doko ndi nkhani ina. Pamenepo chofunika ndi giya yaing'ono ija ya low range, kuphwetsako mpweya m'matayala kuti aponde motambalala, ndi dalaivala wodekha. Wopanda zimenezi amangonunkhitsa kilatchi, anthu n'kumabwera ndi zingwe kudzakoka boti ndi galimoto yomwe.

Ndipo tinene chilungamo: ntchito yotulutsa matani atatu a mpunga m'dambo lonyowa ndi ya thirakitala kapena ng'ombe. Palibe pikapu, ngakhale ya diff lock kutsogolo ndi kumbuyo, yomwe inapangidwira zimenezo. Chitoliro chokwera m'mwamba chija cha snorkel chimathandiza injini kupuma mpweya woyera, koma sichisandutsa galimoto kukhala bwato. Mtsinje ukadzaza, dikirani.

Nanga ine ndikuloza iti? Yang'anani omwe ntchito yawo ili kutchire tsiku ndi tsiku. Ma ambulansi ambiri a m'maboma ndi Land Cruiser. Mabungwe ofika kumidzi nthawi ya dzinja, Land Cruiser. Ogwira ntchito m'nkhalango ngati yathuyi ya Nkhotakota, yomwe African Parks inayamba kuyang'anira mu 2015 n'kubweretsamo njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, nawonso mukawaona ali pa galimoto za mtundu womwewu. Sikuti onsewa sadziwa kuti kuli mipando yachikopa. Land Cruiser ya 70 inayamba mu 1984, ndipo pikapu yake ya 79 inabwera mu 1999. Kutsogolo ili ndi ekiselo yachitsulo chimodzi, yolimba, yosavuta kuimvetsa. Injini yake yakale ya 1HZ, ya malita 4.2, masilinda 6, yopanda turbo, ilipo kuyambira 1990, ndipo pampu yake ya dizilo ndi ya zitsulo, yosadalira kompyuta.

Apa pali nkhani ya dizilo, yomwe inu a m'tauni mumaiwala. Mafuta akasowa, monga akhala akusowera zaka zapitazi, ife timagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Mmenemo mumakhala fumbi, madzi, nthawi zina ndi parafini yemwe. Injini zamakono za common rail, monga GD-6 ya Hilux ndi za Ranger, zimapopa dizilo mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta ma injector. Kadontho ka madzi kapena kamchenga kakalowa, ma injector amatha, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sipeya aliyense anakwera nayo limodzi, koma thumba la mpunga silinathamange liwiro lomwelo. Injini yakale ija nayo sikonda dizilo woipa, koma imakhululuka. Imatsokomola, musintha fyuluta, ulendo n'kupitirira.

Ndikudziwa zomwe muyankhe, ndipo zina mwa izo n'zoona. Cruiser imadula, ngakhale yakale. Ndi yaulesi pa chitunda, imamwa mafuta, ndipo ikakhala yopanda katundu imagwedeza mpaka m'chiuno. Kuchoka pa boma kukafika ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 200, mumatsika mwatopa ngati mwalima. Pa chitetezo pa ngozi, Hilux ndi Ranger zatsopano zili patsogolo. Zonsezi ndavomera. N'chifukwa chake sindikuti Cruiser kapena imfa. Ngati thumba silifika, Hilux single cab 4x4 kapena Isuzu single cab ndi yankho labwino, bola tiikemo fyuluta yachiwiri ya dizilo ndipo tisamale komwe tikumwetsa. Ma Hilux akale a injini ya 3L ndi 5L akadali kuyenda matola m'midzi muno, ndipo sipeya wake mukamusowa pa boma mukamupeza ku Biwi tsiku lomwelo. Ndipo ngati ntchito yaikulu ndi kutenga mpunga ndi usipa wouma kuchoka pa msewu kupita ku misika ya ku Lilongwe kapena ku Kasungu kudzera pa M18, ndiye tisavutike ndi 4x4. Tigule ka lole ka matani awiri kapena atatu, Dyna kaya Canter. Ka matani atatu kamanyamula matumba 60 ulendo umodzi. Ngolo itulutse m'dambo, lole itenge pa msewu.

Ena mudzati, nanga odwala? Nanga pa maliro, akuluakulu akhale pati? Funso labwino. Koma mayi woyembekezera akamapita naye ku chipatala cha boma kapena ku St Anne's usiku wa mvula, chomwe chimamupulumutsa ndi galimoto yomwe yadzuka, ili ndi mafuta, ndipo yadutsa dambo. Kutsogolo kwa single cab malo a wodwala alipo. Galimoto yomwe yakhala pa zidina miyezi itatu kudikira sensa ya ku Joni sinyamula wodwala aliyense, ngakhale ikhale ndi mipando isanu ndi firiji.

Chimene chimandiwawa kwenikweni ndi ichi. Galimoto ikagulidwa, inu mumajambulitsa, mumaponya pa Facebook, pa 2 January mwabwerera ku ntchito. Yotsala nayo ndi ife. Inshuwalansi ndi ife, COF ndi ife, matayala ndi ife. Tayala la rimu yaikulu likabooledwa ndi chitsa, lofanana nalo kulibe pa boma pano. Ikafa, foni zanu zimayamba kusowa netiweki, ndipo amene amagulitsa mbuzi kapena mpunga wosunga kuti idzuke ndi omwe aja sanafunsidwe pogula. Mabanja angati m'mphepete mwa nyanja muno omwe pakhomo pali galimoto yogonera nkhuku, ndipo abale sakulankhulana chifukwa cha iyo? Aliyense wa inu akudziwapo khomo limodzi. Vuto silinali ufiti. Anagula galimoto ya msewu wina.

Choncho musanatumize chithunzi china, yankhani mafunso anayi awa pagulu pomwepo, aliyense aone. Imanyamula matumba angati a makilogalamu 50, anthu ali momwemo? Makaniko wake ali kuti, ndipo ndi makilomita angati kuchoka pakhomo? Fyuluta, kilatchi ndi tayala lake zikupezeka pa boma, ku Salima kapena kunja kwa dziko? Ndipo ikafa mu February, ndani atulutse ndalama, dzina lake? Galimoto yomwe yakhoza mafunso anayiwa, ine ndisonkha nawo mosanyinyirika, ngakhale ikhale yoyera ngati ya boma, ya mawindo opukusa ndi dzanja.

Amene simukugwirizana nane, makamaka a Ranger, lembani m'munsimu, ndikuyankhani madzulo ndikachoka ku dimba. Koma bwerani ndi manambala, zithunzi taziona zokwanira. Alamu a ku Joni, pepani ngati ndakupondani chala. Kondowole ndi chambo zikukudikirani monga mwa masiku onse.