Foni ikalira usiku, nthawiyo ndi ya yani?

Lamlungu madzulo muli m'chipinda chanu ku Etwatwa, mwatsuka mbale, foni yalira. Ndi abwana a ku Benoni: akufunsa komwe munaika malaya a mwana, ndiponso akuti mawa mulawirire. Mwawerenga, timizere tiwiri ta WhatsApp tasanduka tabuluu, ndipo mtima wayamba kugunda, poti iwo aona kuti mwaona.

Timizere timeneti tinayamba mu 2014. Malamulo a nthawi yopuma ndi akale kuposa pamenepo. Basic Conditions of Employment Act ya 1997, pamodzi ndi Sectoral Determination 7 ya ogwira ntchito zam'nyumba ndi 13 ya ogwira ntchito m'mafamu, imakupatsani maola 12 otsatizana opuma pakati pa kuweruka ndi kuyambanso, ndi maola 36 otsatizana sabata iliyonse. Wantchito wam'nyumba angaikidwe pa standby, kudikira kuitanidwa pakati pa 8 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa, pokhapokha pali mgwirizano wolembedwa ndi malipiro ake, osapitirira kasanu pamwezi kapena ka 50 pachaka. Ine ndimaona kuti bwana amene amayembekezera yankho usiku uliwonse wakuikani pa standby mwakachetechete, popanda kalata, popanda khobidi.

Sindikuti muzimitse foni mwamwano. Tinaleredwa kuti wamkulu akaitana timavomera, ndipo amene mapepala ake sanalongosoke amaopa kwambiri kukhumudwitsa bwana. Komatu ulemu sufuna kuti muyankhe mphindi yomweyo. Mzere umodzi ndi wokwanira: "Ndauona uthenga, ndidzayankha mawa ndikafika." Mukachita choncho kawiri katatu, mabwana ambiri amazolowera. Funso la malaya lingadikire. Kusintha ola loyambira ntchito n'nkhani yoti mukambirane masana, pamaso.

Chachikulu, musafufute mauthengawo, ngakhale foni ikudandaula kuti yadzaza. Uthenga uliwonse uli ndi tsiku ndi ola lake, ndipo ku CCMA umenewo ndi umboni wa maola amene munagwira. Mukachotsedwa ntchito chifukwa simunayankhe usiku, muli ndi masiku 30 okha okadandaula. Khoti la zantchito, pa mlandu wa Discovery Health mu 2008, linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha akadali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo CCMA ili ndi mphamvu yomva dandaulo lake.