Katundu wolowera kuseri alibe mwini

Aliyense woyenda pa msewu wa Midima kuchoka ku Limbe kupita ku Mulanje adaimapo pa Nkando, kaya kugula tomato ndi nanazi, kaya kudikira kuti minibasi idzaze. Msika wa pamenepa malamulo ake ngodziwika kwa wina aliyense: wogula amaona katundu ndi maso ake, amamugwira ndi manja, amanenerera mtengo, ndipo akakazindikira kunyumba kuti wapusitsidwa, amadziwa benchi loti abwerereko mawa lake.

Koma masiku ano pa Nkando pomwepo pali msika wina wopanda benchi, wopanda denga, wopandanso wodulitsa ziphaso. Msikawu uli mu foni. Wogulitsa amaika chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook: nsapato za ku Johannesburg, zitenje za ku Dar es Salaam, machaja ndi mabatire a sola ochokera ku China, mafuta oyeretsa khungu, ngakhalenso mankhwala amene ati amachepetsa thupi kapena kuonjezera mphamvu za abambo. Wogula amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo pakatha masiku angapo kondakitala wa minibasi kapena wakabaza amamutulira kaphukusi. Wogulitsa ndi wogula mwina sadaonanepo nkhope chibadwire.

Tinene poyambirira pomwe kuti ife a nyuzi ino sitikudana nawo malondawa. Ntchito zikusowa, achinyamata ambiri masatifiketi awo akungodyedwa ndi njenjete m'masutikesi, ndipo ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mayi amene wapeza njira yodyetsera ana ake pogwiritsa ntchito foni ngoyenera kumuombera m'manja. Funso lathu ndi limodzi lokha: kodi katundu ameneyu akulowera pati, ndipo akavulaza munthu, tidzafunsa yani?

Boma la Mulanje lili ndi chipata chake, cha Muloza, choyang'anizana ndi tauni ya Milange m'dziko la Mozambique. Zipata zina ndi monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Anthu ambiri amaganiza kuti pachipata ndi pongodulitsira msonkho basi. Iai. Inde, alipo a Malawi Revenue Authority, bungwe lotolera misonkho limene lidayamba ntchito m'chaka cha 2000. Koma katundu wolowa m'dziko amayeneranso kuunikidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti lidziona ngati zinthu zogulitsidwa zili zoyenera anthu. Akakhala mankhwala a kuchipatala, saloledwa kulowa kapena kugulitsidwa popanda chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Chikalata chimene wamalonda amalemba pachipata chimanena kuti katunduyo ndi wotani, ngochuluka bwanji, wachokera kuti, ndipo mwini wake ndani. Chikalata chomwecho chimene chimawerengetsa msonkho ndi chimenenso chimasiya phazi loti anthu adzalondole tsiku la tsoka.

Tsono katundu amene waoloka mtsinje wa Muloza kapena Ruo usiku pa njinga, kapena wabisidwa pansi pa matumba mu lole, wazemba zinthu ziwiri nthawi imodzi. Wazemba msonkho, wazembanso diso loyeza. Wogulitsa amanyadira kuti wapulumuka koyambako, koma amene amalipira kwachiwiriko ndi wogula, ndipo amalipira ndi thupi lake.

Izi si nthano zoopsezera ana. M'chaka cha 2017 mpaka 2018 dziko la South Africa lidagwidwa ndi matenda a listeriosis. Anthu oposa 1,000 adadwala ndipo oposa 200 adamwalira, ambiri mwa iwo makanda. Mu March 2018 nduna ya zaumoyo ya dzikolo, a Aaron Motsoaledi, idalengeza kuti gwero la matendawo lidali polony wopangidwa pa fakitale ina mu mzinda wa Polokwane. Maiko oyandikana nalo, kuphatikizapo Malawi, adalamula kuti nyama zoterezi zochokera kumeneko zisalowenso ndi kuti zichotsedwe m'masitolo. Lamulo lotere limagwira pamene pali mapepala. Sitolo yodziwika ingathe kupitidwa, furiji yake n'kutsekulidwa. Nanga amene adalowetsa wake m'chikwama n'kumagulitsa kwa anthu a m'foni mwake, mungakamupeze kuti? Nanga iye mwini, ngakhale atakhala wa mtima wabwino, angadziwe bwanji kuti wake adali wa m'gulu loipalo pamene alibe ngakhale lisiti?

Nkhani yachiwiri njochokera ku Gambia. M'chaka cha 2022 ana pafupifupi 70 adamwalira m'dzikolo impso zawo zitasiya kugwira ntchito. Mu October chaka chomwecho bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidachenjeza za mitundu inayi ya mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine opangidwa ku India, amene adapezeka ndi poizoni wotchedwa diethylene glycol ndi ethylene glycol. Mankhwalawo sadalowe mozemba ai. Adalowa poyera, koma m'dziko limene panthawiyo lidalibe malo akeake oyezera mankhwala. Apa pali maphunziro awiri. Loyamba ndi la boma: chipata chongodinda mapepala osayeza kanthu sichiteteza munthu. Lachiwiri ndi la tonsefe: chifukwa choti mapepala adalipo, wopanga mankhwalawo adadziwika, ndipo anthu adayenda khomo ndi khomo kutolera mabotolo otsala. Akadakhala kuti adalowera kuseri, ana akadapitirira kufa anthu akulozana zala za ufiti.

Tisaganize kuti zoopsa zili m'maiko akutali mokha. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi mercury, amene amaononga impso ndi mitsempha ndipo amafika ngakhale kwa mwana amene ali m'mimba. Ena amakhala ndi hydroquinone kapena mankhwala a steroid, amene pakapita nthawi amapyapyalitsa khungu n'kusiya zipsera zakuda zosachoka. Chaja chosalongosoka chimatentha nyumba ya udzu usiku anthu ali mtulo. Mapiritsi amene akhala masiku m'lole yotentha ngati ng'anjo mphamvu yake siikhalanso yomweyo. Mbewu ya chimanga yongopakidwa utoto imaphetsa banja ndi njala chaka chathunthu. Zonsezi pachithunzi cha pa foni zimaoneka zokongola.

Tikudziwa yankho la amalonda, ndipo sitikulinyoza. Iwo amati: tikhomerenji msonkho? Anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu mawu oti msonkho adawadziwa mowawa. Makolo awo adakhoma msonkho wa nyumba kuyambira nthawi ya Harry Johnston, n'kumagwiranso thangata m'minda ya azungu, zimene zidathandiza kuutsa mkwiyo wa John Chilembwe mu 1915. Ambiri mwa inu mukukumbukira nthawi imene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda kuonetsa khadi la chipani, ndipo ena mudathawa m'dziko muno kaamba kofunsa mafunso. Kenaka mu 2013 tidaona Cashgate, pamene mabiliyoni a makwacha a misonkho yathu adatuluka ku Capital Hill kulipira anthu amene sadagwire ntchito iliyonse. Munthu amene adaona zonsezi akamakayikira wotolera msonkho, sitinganene kuti ngopenga.

Koma tiyeni tiwerengere bwino. Wozemba msonkho salanga mbava ya ku Capital Hill. Amalanga mnzake wa golosale pa Nkando pomwepo, amene adadutsa pachipata, adalipira zonse, ndipo tsopano katundu wake akuoneka wokwera mtengo. Amalanga mayi wake amene akapita kuchipatala auzidwa kuti mankhwala kulibe. Amalanga anthu a ku Mulanje ndi Phalombe amene namondwe wa Freddy mu March 2023 adawakokolera misewu, milatho ndi masukulu, zinthu zimene sizimangidwa ndi mapemphero okha. Ndiponso kunena zoona, wozembayo amalipirabe. Amalipira woolotsa pamtsinje, amalipira woyendetsa lole, amalipira ya fanta pa malo otchinga msewu. Umenewo ndi msonkho ndithu, kungoti ngopanda lisiti, ndipo tsiku limene katundu walandidwa palibe khoti limene angakadandauleko.

Pa 14 June 1993 aMalawi adasankha matipate, ndipo ufulu umodzi umene tidapeza ndi wofunsa boma kuti ndalama zathu zapita kuti. Koma wofunsa ndi mphamvu ndi amene ali ndi lisiti m'manja. Walira mvula walira matope.

Choncho kwa inu ogulitsa pa foni tikuti: tulukani poyera. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limafuna kuti wochita malonda pa intaneti adziwike dzina lake ndi komwe amapezeka. Kalembetseni ku MRA mutenge nambala yanu ya TPIN. Sungani lisiti la kumene mwaoda ndi mapepala a pachipata. Onani tsiku lothera mphamvu musanaike chithunzi. Lembani m'kope amene mwamugulitsa chakudya kapena zodzola, kuti mukamva chenjezo pa wailesi muthe kuwaimbira onse. Ndipo mankhwala a kuchipatala asiyireni amene ali ndi chilolezo. Phindu lake silingafanane ndi maliro a mwana wa mnzanu.

Kwa inu ogula tikuti: safunsa adadya phula. Funsani dzina lenileni la wogulitsa ndi pamene amakhala musanatumize ndalama. Botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda tsiku, kapena lolembedwa m'chilankhulo chimene wogulitsayo mwini sangathe kukuwerengerani, lisiyeni. Mukapusitsidwa musangodandaula pa chitsime. Kuli Competition and Fair Trading Commission, kulinso Consumers Association of Malawi, ndipo lamulo loteteza ogula lilipo kuyambira 2003.

Koma mawu athu aakulu akupita ku boma, poti njira zachidule zimachuluka pamene msewu waukulu wadzala minga. Wamalonda wamng'ono amaopa chipata chifukwa sadziwa kuti akamulipiritsa zingati. Amanyamuka ndi chiwerengero china m'mutu, akafika amauzidwa china, ndipo pakati pa ziwerengero ziwirizo ndi pamene pamamera ziphuphu. Kodi n'chovuta chiyani kukhoma chikwangwani chachikulu pa Muloza, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, chonena kuti katundu wakuti msonkho wake ndi wakuti? N'chovuta chiyani kuti munthu adziwe msonkho wake pa foni yomweyo imene akugulitsira malonda, asanakwere n'komwe basi?

Njira yopepukira amalonda ang'onoang'ono si yachilendo. Kuyambira 2010 maiko a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, pansi pa bungwe la COMESA, adayamba ndondomeko yoti wamalonda wokhala ndi katundu wochepa wopangidwa m'maikowa adzidutsa ndi chikalata chachidule popanda kulemba ejenti wa kasitomu. Nzeru yomweyo ikufunika pa chipata chilichonse, ndipo ikufunika kulengezedwa mpaka mayi wa pa Nkando aimve. Ndondomeko imene ikudziwika ndi mabwana a ku Msonkho House okha siithandiza wina aliyense.

A MBS nawo atuluke mu Blantyre. Kuchoka ku Limbe kufika pa Nkando si ulendo wogonera panjira. Adzibwera tsiku la msika, agule zodzola ndi zakumwa monga amagulira munthu wamba, akayeze, ndipo zotsatira zake azilengeze pa mawailesi a m'madera m'chilankhulo chimene anthu amamva, potchula dzina la chinthucho. Kulanda katundu wa mavenda pamaso pa atolankhani kamodzi pachaka n'kungoonetsa mphamvu chabe. Ndipo wa pachipata wopezeka akulandira chiphuphu aimbidwe mlandu poyera, osati kungosamutsidwira ku chipata china kuti akapitirize komweko.

Malonda a pa foni sabwerera m'mbuyo, ndipo sitikufuna kuti abwerere. Chimene tikufuna n'choti lamulo lakale la pa msika wa Nkando litsatire malondawa kumene apita: wogulitsa akhale ndi nkhope, katundu akhale ndi kwawo, ndipo wopusitsidwa adziwe khomo loti agogode. Ku Polokwane ndi ku Gambia anthu adaphunzira izi ataika maliro. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wakutsina khutu ndi mnansi.