CHIKUMBUMTIMA CHANU MUSACHIBWEREKETSE KWA MKONZI WA MAGAZINI

Lero ndilemba motalikirapo, ndiye pezani pokhala pabwino, muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundiyankha.

Mu October 2025 kampani ya Condé Nast, eni ake a magazini ya fashoni ya Vogue, inalengeza kuti yasiya kuonetsa zovala zatsopano za ubweya wa nyama, kaya pa zithunzi zake, kaya pa masamba amene makampani amalipira kuti atsatse malonda awo. Magazini ina, Elle, inali itachita kale zimenezi mu December 2021 m'makope ake onse 45 a m'mayiko osiyanasiyana. Mumvetse bwino, sakunena ubweya wa nkhosa uja amameta nkhosayo n'kubwerera kukadya msipu ayi. Akunena chikopa chosendedwa pamodzi ndi ubweya wake, cha nkhandwe kapena cha mink, kanyama kooneka ngati likongwe.

Kunjako omenyera ufulu wa nyama akuvina, ogulitsa ubweya akukukuta mano. Koma chimene chandichititsa kulemba ndi zimene ndikumva kwa ana a Mulungu. Ena akuti azungu apenga, akulirira nkhandwe pamene Mulungu mwini anaveka Adamu ndi Hava zikopa. Ena, makamaka achinyamata athu okonda fashoni, akuwomba m'manja kuti Vogue yalapa, tsopano ndi magazini ya chifundo. Mbali zonse ziwiri ndili nazo mawu, ndipo sindinyengerera.

Ndiyambe ndi inu a Genesis 3:21. Inde, Mulungu anawasokera zovala zachikopa. Koma anawasokera liti? Atachimwa, ali maliseche, akubisala m'tchire ndi manyazi, masamba a mkuyu atalephera. Chikopa chija chinali chophimbira manyazi a munthu wochimwa. Inu mwatenga vesi ya manyazi n'kuisandutsa chilolezo cha matama! Mukunenanso za Yohane Mbatizi kuti ankavala chovala cha ubweya wa ngamila. Eee, ankavaladi, m'chipululu, akudya dzombe. Chinali chovala chokalabata cha mneneri wosauka. Ndipo Yesu ponena za Yohane yemweyo pa Mateyu 11 anauza anthu kuti ofuna kuona ovala zofewa akawafune m'nyumba za mafumu. Ndiye musamukokere Yohane pachikuto cha Vogue, sakwanapo.

Kodi mukudziwa mmene jekete ya mink imapezekera? Mink ndi kanyama kokonda madzi, kosambira, koyenda mtunda wautali kokha. Ku mafamu a ubweya amakatsekera m'kakhola ka waya, pansi pakenso waya, moyo wake wonse. Kamabadwa nyengo yozizira itangotha, pofika cha mu November ubweya ukakhwima amakapha ndi mpweya woipa kuti chikopa chisabooke. Nkhandwe zambiri amazipha ndi magetsi. Jekete imodzi yaitali imadya timinki makumi angapo. Nyama yake sifika pa mbale ya munthu. Kanyamaka kamabadwira chinthu chimodzi basi, kuti munthu wina akalowa pa phwando anzake atembenuke.

Musandiuze kuti n'chimodzimodzi ndi mbuzi yathu. Mbuzi tikapha pa ukwati kapena pa maliro mudzi wonse umadya, chikopa timayanika, chimasanduka chokhalira kapena choberekera. Chikopa cha ng'ombe chimakunga ng'oma imene timatamandira nayo Yehova. Palibe chotayika, ndipo mbuziyo inayendapo padzuwa, inadya msipu. Ulamuliro umene Mulungu anapatsa munthu pa Genesis 1 ndi wa kapitawo pa munda wa bwana, ndipo kapitawo amakayankha. Miyambo 12:10 imayeza chilungamo cha munthu poona mmene amasamalira chiweto chake. Chilamulo cha Mose chinalamula kuti ng'ombe ndi bulu nazonso zipume pa Sabata, chinaletsanso kumanga pakamwa ng'ombe imene ikupuntha tirigu. Balamu atamenya bulu wake katatu, mngelo wa Yehova anamufunsa chifukwa chake. Mulungu amene anawerenga zikwapu za bulu, mukuganiza kuti makhola a waya sawaona?

Mu November 2020 dziko la Denmark, limene linali patsogolo pa ulimi wa mink, linalamula kuti mink zonse za m'dzikomo, pafupifupi 17 miliyoni, ziphedwe, chifukwa Covid inalowa m'makholamo n'kuyamba kubwereranso kwa anthu itasintha. Zambiri anazikwirira m'maenje akuluakulu. Pasanapite nthawi mitembo inafufuma n'kuyamba kutumphuka pamwamba pa dothi, mpaka anachita kuzifukula n'kukazitentha. Sindikunenera kuti chinali chilango, ine si Mulungu. Ndikungoti zimene munthu amakwirira chifukwa cha dyera, nthaka imene imatha kumubwezera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano ndibwere kwa inu owomba m'manja. Mwati Vogue yalapa? Tiyeni tione kalendala. Mayi Anna Wintour anakhala mkonzi wamkulu wa Vogue ya ku America kuyambira 1988, ndipo ankadziwika dziko lonse ndi kukonda ubweya. M'zaka za m'ma 1990 munthu wina wokwiya anawaponyera nyama yakufa yotchedwa raccoon pa mbale yawo akudya mu lesitilanti ku New York. Mu 2005 ku Paris anawapaka chitumbuwa kumaso. Zimenezo ine sindivomereza, mwana wa Mulungu sachititsa munthu manyazi pagulu. Koma onani, zaka zonsezo magaziniyo sinasunthe. Britain inakhazikitsa lamulo loletsa mafamu a ubweya mu 2000, Vogue ya ku America ili phee. Kenako Gucci inalengeza mu 2017 kuti ikusiya ubweya, Versace mu 2018, Prada mu 2019. Israel inaletsa kugulitsa ubweya wa fashoni mu 2021. California inayamba kuletsa kugulitsa ubweya watsopano mu 2023. Amenewa ndi makampani amene amalipira masamba a malonda m'magazini, ndi misika imene zovalazo zimagulitsidwa. Olipira atachoka, ndiponso zionetsero zitavuta kwa miyezi, m'pamene Condé Nast inati ifenso tasiya.

Abale inu, munthu amene wasiya kugulitsa kachasu chifukwa omwa onse asamuka m'mudzi, mungamuimike kutsogolo kuti apereke umboni? Kulapa kwenikweni kumaluzitsa. Zakeyu atalapa anapereka theka la chuma chake kwa osauka, n'kulonjeza kubweza kanayi kwa amene anawabera. Magaziniyi yabweza chiyani, kwa ndani? Chosankha chake n'chabwino, ndipo ndikuyamika Mulungu pa kakhola kalikonse kamene katsekedwe. Koma chabwino chochitidwa msika utalola sichisandutsa mkonzi kukhala mneneri.

Ndipo ogulitsa ubweya, ngakhale akulankhulira matumba awo, pali chimodzi akunena zoona. Ubweya wochita kupanga umene walowa m'malo mwake ndi pulasitiki, wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo suola msanga. Fashoni ikatha kumeneko, zovala zotere zimamangidwa m'mabelo, zina n'kudzatsikira pa kaunjika wathu, zosagulika n'kukathera kudzala ndi m'ngalande.

Nanga wosoka? Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh, mmene munali mafakitale osoka zovala za makampani a ku Ulaya ndi ku America, inagwa n'kupha anthu opitirira 1,100, ambiri mwa iwo amayi ndi atsikana. Ming'alu inaoneka dzulo lake, koma osokawo anauzidwa kuti alowe basi, ntchito isaime. Yakobo 5 amachenjeza olemera kuti malipiro amene anamana antchito awo akulira, ndipo kulirako kwafika m'makutu a Ambuye. Amosi anadzudzula Israeli chifukwa chogulitsa wosauka pa mtengo wa nsapato. Ndiye ngati magazini yachotsa nkhandwe pa tsamba koma sikufunsa kuti mtsikana wosoka diresi ya pa tsamba lomwelo walandira zingati, chifundo chake chafika pakati pa njira n'kukhala pansi.

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Magazini imodzimodziyo inauza dziko zaka makumi ambiri kuti ubweya ndi ulemerero, anthu n'kuvomera. Lero ikuti ubweya ndi manyazi, anthu avomeranso. Mawa otsatsa malonda akabwerera ndi ndalama, ikadzati ubweya wabwereranso, mudzatani? Munthu amene chabwino ndi choipa amachimvera kwa mkonzi ali ngati mbendera, amaloza kumene mphepo yaloza. Ife tinapatsidwa Mzimu Woyera ndi Mawu. Sitinafunikire kudikira October 2025 kuti tidziwe kuti nkhanza ndi tchimo. Aleluya!

Ndipo tisaloze chala ku New York kokha ngati kuno kuli angelo. Mbuzi yomangidwa miyendo pakaliyala wa njinga, mutu ukulendewera, dzuwa likuswa mtengo, ulendo wonse wa kumsika osaipatsa madzi, timaiona. Nkhuku zolendewera chadodolido pa handulo timaziona. Ng'ombe ya pangolo yokhala ndi zilonda pakhosi, mnyamata akuikwapulabe, timaidutsa tikupita ku tchalitchi Baibulo lili m'khwapa. Telala wa pakhonde anakusokerani suti ya pa Isitala, munavala, munajambulitsa, munaika pa Facebook, koma mpaka lero ndalama yake yotsala simunamalize, mukamuona mumakhota njira. Inuyo ndi Vogue mukusiyana pati?

Sindikuletsa kutchena. Valani bwino, mukongole, Mulungu wathu ndi amene anaveka maluwa akutchire kuposa Solomo. Koma chovala chilichonse chili ndi amene anachilipirira, wina ndi thukuta, china ndi moyo. Musanavale dzifunseni kuti ndani analira kuti ine ndioneke bwino. Sabata ino amene muli ndi ngongole kwa telala kalipireni tsiku la Mulungu lisanafike. Amene muli ndi wantchito wochapa ndi kusita zovala zanu, malipiro ake asagone m'thumba mwanu. Amene muli ndi ziweto, zipatseni madzi ndi mthunzi, ndipo ana anu aone. Achinyamata okonda fashoni, werengani magazini anuwo ngati mukufuna, koma muyeso wa chabwino ndi choipa muutenge kwa Mwini chilengedwe.

Atate, tichotsereni mtima wamwala. Tiphunzitseni kuchitira chifundo chilichonse chimene munachipatsa mpweya, kuyambira mlongo wathu wa pa makina osokera mpaka kanyama ka m'khola. Tivekeni chilungamo cha Khristu chimene njenjete siidya. M'dzina la Yesu.

Amene mwamva lembani Amen, ndipo mutumizireko mnzanu. Amene simukugwirizana nane bwerani ndi vesi, tikambirane mwaulemu. Shalom.