Kachipangizo Kotsina Khutu Mlimi wa Mkaka

Masabata atatu oyambirira ng'ombe itangoswa ndi nyengo yoopsa pa moyo wake. Mkaka umatuluka wochuluka pamene chakudya chimene ikudya sichikukwanira, choncho thupi limayamba kusungunula mafuta ake. Chiwindi chikalephera kuwagwiritsa ntchito onse, m'magazi mumachuluka chinthu chotchedwa BHB, ndipo matenda ake ndiwo ketosis. Amagwira kwambiri ng'ombe zopatsa mkaka wambiri monga Friesian, zimene alimi ang'onoang'ono amaweta ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje.

Chovuta n'chakuti kawirikawiri matendawa saonekera msanga. Ng'ombe imaoneka yathanzi koma mkaka ukuchepa pang'onopang'ono, ndipo imachedwa kutenganso bere. Mlimi akamadzaona kuti yawonda ndipo ikukana gaga, amakhala atataya kale ndalama za masabata angapo.

Lero kuli kachipangizo kokwana m'thumba la malaya, kofanana ndi kamene odwala matenda a shuga amayezera magazi. Mlangizi wa ziweto amatenga dontho la magazi pa mtsempha wa kunsi kwa mchira ndi kuliika pa kapepala kapadera kolowetsedwa m'kachipangizoko. Mankhwala a pa kapepalako akakumana ndi BHB amatulutsa mphamvu ya magetsi yochepa zedi, ndipo kachipangizoko kamaiyeza ndi kuonetsa nambala pasanathe mphindi imodzi. Nambala ikafika 1.2 mmol/L kapena kupitirira, ng'ombeyo yayamba kudwala ngakhale ikuoneka bwino.

Palinso kachipangizo kena koyezera matenda otupitsa mawere. Bere likadwala, mchere wa m'magazi umalowerera mu mkaka, ndipo mkaka wotero umadutsitsa magetsi mosavuta. Wokama amayeza mkaka wa nsonga iliyonse mwa zinayi payokha, ndipo imene yasiyana ndi zinzake ndiyo yokayikitsa. Komabe kachipangizoka sikatchula mtundu wa kachirombo, n'chifukwa chake dokotala wa ziweto amafunikabe.

Kwa mlimi wa ng'ombe imodzi kapena ziwiri, kugula yekha zipangizozi n'kudzilemetsa. Kapepala ka magazi kamagwira ntchito kamodzi kokha, kali ndi tsiku lothera mphamvu, ndiponso kamaonongeka kakasungidwa potentha. Malo oyenera zipangizozi ndi ku gulu losonkhanitsa mkaka, kumene munthu mmodzi wophunzitsidwa angayendere ng'ombe iliyonse imene yangoswa, ndi kulemba zotsatira m'buku la gulu.

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma chenjezo limathandiza yekhayo amene walimvera. Nambala ikakwera, mlimi awonjezere nsenjere zabwino, gaga ndi masamba a lukina, ndipo aitane dokotala, amene angalamule mankhwala omwetsa otchedwa propylene glycol. Gulu limene likukonza ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa liikepo ndalama za timapepala toyezera, pakuti kachipangizo kopanda timapepala kamangogona m'kabati ng'ombe zikudwala.