Mtengo wa Galimoto Uli m'Manja mwa Wogula Wamaŵa (Gawo Lachiŵiri)

Gawo lapitalo linakamba za mmene munthu wapantchito angasungire ndalama pang'onopang'ono kufikira zitakwanira kugula galimoto yogwirapo kale ntchito. Gawo lino likuunika funso limene limasoŵetsa tulo aphunzitsi ndi achinyamata a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndalamazo zikakwana: kodi ndi galimoto yotani imene munthu angagule lero, naigulitsa patapita zaka zinayi kapena zisanu popanda kudandaula?

Mtima wa mnyamata umathamangira galimoto yaliŵiro. Akamva kulira kwa Subaru Impreza WRX ikudutsa pa Dyeratu, kapena akaona Toyota Mark X ndi Volkswagen Golf GTI zitaima pa Nchalo zikunyezimira, amalumbira kuti yake idzakhala yoteroyo. Ngakhale mphunzitsi wachikulire amene walandira ndalama zake zopumira pantchito amakopeka, chifukwa wogulitsa amamuuza kuti galimoto zamtunduwu sizitsika mtengo. Mau ameneŵa ali ndi choona chake, koma choonacho ndi cha kumaiko ena.

Chitsanzo chodziŵika ndi Nissan Skyline GT-R ya mtundu wa R34, imene inapangidwa ku Japan kuyambira 1999 mpaka 2002. Lamulo la ku America limalola galimoto yakunja yosagwirizana ndi miyezo ya dzikolo kuloŵa ikakwanitsa zaka 25, choncho zoyamba za mtundu umenewu zinayamba kuloledwa mu 2024. Pofika nthaŵi imeneyo mtengo wake unali utapitirira kale umene zinkagulidwira zili zatsopano. Chifukwa chake nchosavuta kumva: zinapangidwa zoŵerengeka, ozifuna ndi ambiri ndiponso ndi olemera, ndipo amazisunga m'nyumba ngati chuma, nkumaziyendetsa mwa apo ndi apo pa misewu yosalala. Chimene chinakweza mtengo ndi kuchuluka kwa anthu opikisana pogula. Liŵiro palokha silisunga ndalama ya munthu.

Tsono amene akugula galimoto m'chigwa cha Shire ayenera kuyamba wadzifunsa kuti amene adzaigule kwa iye maŵa ndani. Wogula wa kuno ndi mlimi wa thonje wa ku Ngabu, wamalonda a ng'ombe, mayi wopikula nsomba ku Bangula, wogwira ntchito kumunda wa nzimbe ku Nchalo, kapena mnyamata wofuna kunyamula anthu. Onseŵa mafunso awo ndi amodzi: imanyamula matumba angati, lita imodzi ya mafuta imayenda mtunda wotani, nanga makanika wa pafupi amaidziŵa? Galimoto yolephera kuyankha mafunso atatuŵa imakhala pansi pa mtengo miyezi yambiri, mwini wake akutsitsa mtengo mlungu ndi mlungu kufikira ataitaya ngati nkhuku yodwala chitopa.

Chigwa nachonso chili ndi mayeso ake amene galimoto iliyonse iyenera kulemba. Oyamba ndi phiri. Kuchokera ku Blantyre kufika pa Thabwa msewu umatsika mamita pafupifupi 900 mokhotakhota. Potsika zimavutika ndi mabuleki, pokwera imavutika ndi injini. Achiŵiri ndi dzuŵa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo injini ya turbo, imene imatentha kale mwachibadwa, imafuna oyilo wabwino wosinthidwa panthaŵi yake ndiponso radiator yopanda chilema. Ikangoŵira kamodzi pamtunda wa Thabwa, kuikonza kungadye malipiro a mphunzitsi a miyezi ingapo. Achitatu ndi nthaka ndi madzi. Galimoto zaliŵiro zimapangidwa zofupika kuti zigwire msewu, ndipo matayala ake ndi opyapyala m'mbali. Pamsewu wa kutsidya la kum'maŵa kwa Shire wopita ku Muona ndi ku Makhanga, mimba ya galimoto yotere imakhula pansi, ndipo dzenje limodzi limatha kuphwanya tayala pamodzi ndi limu yomwe.

Za madzi anthu a kuno safuna wowauza. Kusefukira kwa mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anaononga misewu ndi milatho, nasiya malo ena osafikika kwa masiku ambiri. M'nyengo zotere galimoto yofunika ndi yamsinkhu, yotha kudutsa m'matope ndi mumchenga, ndipo anthu saiŵala mtundu umene unawatumikira pa tsiku la tsoka.

Mbiri ikuchitira umboni. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Peugeot 404 ndi 504 zinatchuka mu Africa monse chifukwa zinali zolimba, zosavuta kukonza, ndipo zipangizo zake zinkapezeka paliponse. Mbiri yotereyi pambuyo pake inagwera Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968, ndi Land Cruiser 70, imene inatuluka mu 1984 ndipo ikupangidwabe. Kwa a matumba ochepa, Toyota Probox ya kuyambira 2002 ndi Sienta ya kuyambira 2003 zatenga malo omwewo. Palibe imene ingapambane mpikisano wothamanga, koma iliyonse ikaikidwa pamsika ogula amabwera okha.

Pali chinyengo china chimene munthu wophunzira ayenera kuchizindikira. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ambiri amene anagula galimoto zisanachitike izi anazigulitsa pa makwacha ochuluka kuposa amene anapereka, nasangalala kuti apindula. Koma atapita kukafuna ina yofanana nayo anapeza kuti ndalamayo sikukwana. Muyezo woona ndi uwu: pa tsiku logula, ndalamayo ikanagula ng'ombe zingati kapena matumba angati a simenti, ndipo pa tsiku logulitsa ikugula zingati? Pamwamba pa izo aŵerengere mafuta, matayala, inshuwalansi ndi zolipira makanika m'zaka zonsezo. Aŵerengerenso msonkho, popeza a Malawi Revenue Authority amalipiritsa wokwera pa galimoto ya injini yaikulu ndi yazaka zambiri, ndipo zaliŵiro zambiri zimagwa m'magulu onse aŵiri.

Izi sizikutanthauza kuti wokonda galimoto yamphamvu alibe poyambira. Ngati mtima wakana kugonja, asankhe imene injini yake imapezekanso m'magalimoto wamba, kuti zipangizo zisamachite kuitanitsidwa ku Japan kapena ku Johannesburg. Apeŵe imene mwini wake woyamba anaisintha, kuifupikitsa kapena kuiika paipi yaphokoso, pakuti galimoto yoseŵeretsedwa motero kaŵirikaŵiri inazunzidwa, ndipo wogula wanzeru amaithaŵa. Akumbukirenso kuti msewu wa M1 pakati pa Chikwawa ndi Bangula ndi wa njinga, ngolo, mbuzi, ng'ombe ndi ana a sukulu. Liŵiro limene walipirira alibe poliyesera popanda kuika moyo wa mwana wa mnzake pachiswe.

Posankha yeniyeniyo, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yonyezimira ndi yotsika mtengo kuposa injini. Wogula atenge makanika wake, osati wa wogulitsa, ndipo aione m'maŵa injini isanalizidwe, chifukwa utsi wobiriŵira ndi kugogoda zimabisala injini ikatentha. Atukule kapeti ndi kusuzumira pansi pa mipando: matope ouma, dzimbiri ndi fungo la chinyontho zimaulula galimoto imene inamirapo, ndipo yotereyo mawaya ake savutika kufa mmodzimmodzi. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi chizindikiro chakuti madzi aloŵa m'injini. Manambala a mtunda asawakhulupirire okha, poti amabwezedwa. Ayerekeze ndi kutha kwa chiwongolero, mpando ndi zopondera. Nambala ya chesisi ifanane ndi ya pamapepala, ndipo umwini usinthidwe ku ofesi ya Road Traffic ndalama yonse isanaperekedwe. Potsiriza aikweze phiri la Thabwa muli anthu anayi, maso ali pa singano ya kutentha. Wogulitsa wokana ulendo umenewu wanena kale zonse.

Ndalama ya mphunzitsi wopuma ndi thukuta la zaka makumi atatu za choko ndi bolodi, ndipo ya mnyamata woyamba ntchito nthaŵi zambiri ndi ngongole imene adzabweza kwa zaka. Ndalama zoterezi siziyenera kugulira kuombera m'manja kwa anyamata a pasitolo, kumene kumatha galimoto ikangokhota pakona. Galimoto yosunga mtengo m'chigwa cha Shire ndi imene mlimi wa ku Ngabu angaifune, makanika wa pa Nchalo angaikonze, ndipo msewu wa ku Makhanga ungailole kudutsa.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za kusamala galimoto m'nyengo ya dzinja.